Kathabwa Kong'aluka ka Bo Sitali

Inonge, tayamba wazimitsa chilimba chako chamagetsicho. Waimba bwino, sindikukana. Waimba bwino kwambiri, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Nyimbo imeneyo ndi ya apongozi anga, bambo wa agogo anu aakazi, ndipo ili ndi malo amodzi pamene imayenera kumveka ngati yalakwika. Iwe wapakonza. Ndiwe wachiwiri kupakonza. Woyamba anali cheyamani wa chipani, koma iye sanali mdzukulu wanga woti ndimukhululukire msanga. Khalani pansi nonse, ana inu. Iwe Mavuto, foniyo siithawa.

Ine ndinafika mu Livingstone muno kutatsala pang'ono kuti dziko lilandire ufulu. Ndinachokera ku Katete ndi bulangeti limodzi, nsapato za amalume zimene ndinkazidzaza ndi nsanza kuti zindikwane, ndi kaogani ka pakamwa aka mukukaonaka. Si komweka kwenikweni, aka ndi kachisanu, koma mtundu wake ndi womwewo. Koyambako ndinasinthanitsa ndi tambala wa m'khola mwathu kwa munthu wina wobwera ku Joni, ndipo amayi anga anandikumbutsa za tambalayo mpaka tsiku limene ndinakwera lole. Inu lero mumanyamuka ku Lusaka m'mawa, madzulo muli kuno, n'kumadandaula kuti msana ukuwawa. Ife tinkafika fumbi litatisandutsa ofiira, ndiye sitima n'kutidetsanso ndi mwaye wa malasha.

Ntchito ndinaipeza kunjanji, yonyamula matumba m'shedi ya katundu, ndipo malo ogona ndinawapeza ku Linda. Nkhope yanga mukuiona nokha, ndipo musaganize kuti yawonongeka ndi ukalamba. Inali chomwechi. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndiye ine ndinamvera.

Koma kaogani ndi kachida komvetsa chisoni. Kali ndi maboo khumi basi. Ukauzira kalira mawu ena, ukakoka mpweya kalira ena, kwatha. Ng'oma ili ndi gule wake, limba la kutchalitchi lili ndi buku lake la nyimbo, koma kaogani kalibe kwawo. Woimba kaogani amakhala wakuba, afune asafune. Ine ndinayamba kubera sitima. Tsiku lonse ndinkaimva ikupuma pa siteshoni, ndiye pa nthawi ya chakudya chamasana ndinkaphimba kaogani ndi manja awiri n'kumapuma nayo limodzi, pang'onopang'ono kenako mothamanga, mpaka kapitawo anatuluka tsiku lina kudzaona kuti ndi sitima iti yalowa iye asanauzidwe. Ndinabera magitala a ku Congo amene ankamveka pa wailesi ya m'sitolo ya mmwenye, aja othamanga ngati zala zili khumi ndi zisanu. Ndinaberanso limba la kutchalitchi kwathu, ngakhale kuti kumeneko ndinkaba ndi ulemu.

Kuseri kwa mpanda wa bango wa nyumba imene ndinkakhala kunali banja la Alozi. Mwini nyumba anali Bo Sitali. Alozi amati Bo pamene ife timati A, ndipo ukamusiyira Bo wakeyo munthu ngati ameneyo, wayamba mlandu. Anali wamtali, wosaseka, mkazi wake anamwalira kalekale. Ankasema mvuu ndi ng'ona zamtengo n'kumagulitsa kwa azungu pamene lero mumati Mukuni Park. Kumeneko ankaikanso silimba yake, chilimba chija chamatabwa a mlombwa, umene kuno amati mukwa, chokhala ndi zikho pansi, n'kumaimba kuti azungu aime. Nyimbo za kumsika zinali zosangalatsa, zoti mzungu agwedezere mutu n'kugula mvuu. Koma Lamlungu masana, akachoka kutchalitchi, ankaika silimba pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, yekha, n'kuimba nyimbo imodzi yokha. Imeneyo sankaiimba kumsika.

Musandione ngati munthu wokonda nyimbo kwambiri. Chimene chinkandipititsa pampandapo ndi mwana wawo wamkazi, Namakau, agogo anu awa akunamizira kuti akusankha nyembawa. Ndinkasuzumira pa bango kuti ndimuone akuyanika zovala. Koma maso akamaba, makutu nawo sakhala chete. Lamlungu lililonse ndinkabwerera m'nyumba ndi kachidutswa ka nyimboyo, n'kumakafunafuna m'maboo anga khumi aja.

Zonse ndinazipeza, kupatula liwu limodzi. Nyimboyo ikakwera n'kuyamba kutsika, pamakhala pamene Bo Sitali ankagunda kathabwa kena ndipo liwu lake silinkalira ngati anzake. Linkayamba bwino, kenako n'kugwa, n'kufa msanga. Pa kaogani liwu limenelo palibe. Ndinauzira, ndinakoka, ndinatembenuza kaogani chadodolido, osalipeza. Ine ndinaganiza kuti limenelo ndi luso la Chilozi, chinsinsi cha anthu a kuchigwa chimene ife akum'mawa sitichidziwa. Ndinalimbana nalo dzinja lonse. Tsiku lina ndili m'shedi, ndinakoka mpweya pa boo lachitatu, lilime nditalibweza kumbuyo ngati ndikumeza fupa la nsomba, ndipo liwu linapindika n'kugwera pamene ndinkafuna. Ndinalumpha n'kugwetsa thumba la chimanga pa phazi la mnzanga, ndipo sanandilankhule mlungu wathunthu.

Wakuba wanzeru amabisa katundu. Ine ndinapita kukaonetsa kwa mwini wake. Ndinkaganiza kuti ndi mmene ndingawafewetsere mtima ndisanatumize ankhoswe. Lamlungu lotsatira, iwo atangomaliza kuimba, ine ndinayankha kuchokera kuseri kwa mpanda, nyimbo yonse, ndi liwu lija lomwe. Kenako bango linapatuka, ndipo panatulukira nkhope.

"Iwe, ni ndani anakupasa iyo nyimbo?"

Ndinagwada n'kuomba m'manja monga ndinkaonera Alozi akuchitira. "Palibe, Bo Sitali. Nenze kumvela chabe."

"Kumvela chabe. Na mbuzi yanga ukaimvela ilila, uzaitenga? Ndiwe kawalala iwe. Iyo nyimbo usakaimbe futi. Wamvela?"

Ndinati ndamva. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pakamwa pawo linali Kawalala, ndiye kuti wakuba m'chinyanja cha m'tauni muno. Ankhoswe anga atapita kukapempha Namakau, ndinkayembekezera kuti abwerako chimanjamanja. Koma Bo Sitali anangofunsa ngati ndimapita kutchalitchi, ndiponso ngati n'zoona kuti kwathu timadya mbewa. Atauzidwa kuti zonse ziwiri n'zoona, anausa moyo n'kunena kuti, "Mwana wanga atenge. Nyimbo yanga asiye." Agogo anu nkhani imeneyi siiwasangalatsa mpaka lero. Amati anaperekedwa mosavuta kuposa matabwa.

Ndinalonjeza, ndipo lonjezolo ndinalisunga monga mmene akuba amasungira malonjezo. Nyimbo sindinaiimbenso, koma liwu lija ndinalitenga n'kumalithira mu nyimbo zina zonse ngati mchere.

Ufulu utabwera, ndinayamba kuimba Loweruka masana pa hotela ina ya kufupi ndi mathithi. Kale anthu akuda tinkalowera pakhomo la kukhitchini. Ufulu utabwera oimbafe tinkalowerabe pomwepo, koma tsopano mwaufulu. Mtsogoleri wa gulu lathu anali Ba Dube, munthu wa ku Bulawayo amene anawoloka mlatho wa pamathithiwo ndi sakisofoni m'thumba la ufa ndipo sanabwererenso. Ameneyo ndiye anandiphunzitsa kudikira. Ine ndinkadzaza paliponse, chifukwa sitima siisiya mpata ndipo gitala la ku Congo silipuma. Iye ankaimba mawu anayi, n'kuchotsa chitolirocho pakamwa, n'kuyang'ana kumwamba ngati waiwala chimene anabwerera. Ankati, "Phiri, siya malo. Ngati wafunsa funso, lekela muntu ayankhe." Tinayamba kumayankhana, iye akafunsa ine n'kuyankha, popanda kupangana, ndipo palibe Loweruka limene nyimbo inatuluka mofanana ndi lapita.

Tsiku loyamba limene anamva liwu langa lopindika lija, anaimitsa gulu lonse.

"Mfana, iyo wanaitenga kuti? Iyo ni bulusi!"

Ine bulusi sindinkamudziwa, ndinkayesa ndi mtundu wa nsalu. Anandikokera kunyumba kwake, n'kupukusa galamafoni, n'kuika mbale ya anthu akuda a ku Amereka. Ana inu, tsitsi linandiima. Munthu wa kutsidya kwa nyanja ankapinda kaogani monga ine, pa boo lomwelo lachitatu, ndipo nayenso anali ataba sitima. Ba Dube ankaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo azungu a pahotela ankabwera kudzandigwira chanza n'kufunsa kuti ndinakhala zaka zingati ku Amereka. Ine amene Kalomo yemwe ndinangomuona pawindo la sitima. Ndinkangoyankha kuti zaka zingapo, chifukwa kufotokoza za mpanda wa bango m'Chingerezi kunali kovuta.

Zaka zinapita, ana anabadwa, ndipo apongozi anga sanasinthe. Akabwera kwathu ankapereka moni kwa mwana wawo, kwa adzukulu, kenako n'kufunsa khoma kuti, "Kawalala aliko?" Ndinkaseka nawo anthu, koma zinkandipweteka. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinkalakalaka kuti mkulu ameneyu anditche mwana wake ngakhale kamodzi kokha.

Kenako inafika nthawi ya chipani chimodzi. Anatiuza kuti zipani zambiri zimabweretsa mikangano, ndipo zinali zoona, chifukwa chitatsala chimodzi tonse tinayamba kugwirizana kwambiri, makamaka pamzere wa sopo. Inu simudziwa mzere. Unkaona anthu aima, iwe n'kuima kumbuyo kwawo, n'kufunsa pambuyo pake kuti kukugulitsidwa chiyani. Pakhomo la msika ankafuna khadi la chipani usanagule kapenta. Malire a pa mlatho anatsekedwa, azungu anachepa, ndipo mvuu zamtengo za Bo Sitali zinaswana pabwalo mpaka ana ankakhalira ngati mipando.

Cheyamani wa dera lathu anali munthu wokonza njinga. Sindimunenera zoipa, sanali wankhanza. Vuto lake linali lakuti akaona chinthu chopindika, manja ankamuyabwa. Chaka china, chikondwerero cha ufulu chikuyandikira, anaitana oimba onse a ku Linda kuti asankhe amene adzaimbire alendo akuluakulu. Anakhala patebulo atavala suti yake, thukuta la Okutobala likuyenderera m'khosi, n'kulengeza kuti chaka chino akufuna zachikhalidwe zokhazokha. Malipenga a ana asukulu anawavomereza, chifukwa ankaimba nyimbo ya fuko. Itafika nthawi yanga, ndinaimba kanyimbo kaukwati ka kwathu ku Katete, ndipo mwachizolowezi ndinathiramo mchere wanga uja. Anakweza dzanja.

"Imani, Ba Phiri. Apo pamene yalila monga galu bamuponda, ni chani?"

"Ni sitayelo chabe, Ba Cheyamani."

"Awe. Ivo ni va ku Amereka. Tiziba ise. Na ako kantu ni ka basamunda. Ise tifuna vathu-vathu, monga silimba ya bapongozi banu. Ija ndiye kalicha."

Ndinafuna kunena kuti galu wopondedwayo ndinamutenga mu silimba yomweyo, koma kutero kunali kudziulula kuti lonjezo ndinaliswa. Ndinaika kaogani m'thumba n'kuthokoza chipani.

Chakudza sichiimba ng'oma, ngakhale chikudzera chida choimbira. Kutatsala masiku atatu, anyamata a chipani anabwera ndi wilibala kudzatenga silimba kuti ikasungidwe bwino. Masiku amenewo ukapemphedwa chinthu sunkafunsidwa, ndiye Bo Sitali anangoima n'kumayang'ana ikupita. Cheyamani ataiona kuofesi, anaigunda kathabwa kalikonse monga amachitira ndi masipoko a njinga, ndipo anapeza kuti kamodzi kanali kong'aluka kunsi kwake, mng'alu wautali ngati chala. Kodi alendo akuluakulu angamvere chida chosweka? Anaitana kalipentala. Kalipentalayo anasema kathabwa katsopano, kabwino, kolira ngati belu. Anapakanso miyendo ya silimba utoto wa mbendera, kwaulere. Kathabwa kakale kanapita pamoto umene anaphikira nyama ya alendo.

Ine ndinali m'gulu la anthu pa tsikulo. Bo Sitali anakhala pansi, anatenga tindodo tawo, n'kuyendetsa dzanja pa matabwa onse kuti amve. Atafika pa kathabwa kaja, kanalira ngwee, koyera, kosangalala. Dzanja lawo linaima m'mwamba. Pamenepo m'pamene ndinazindikira, ana inu, kuti chinsinsi cha Chilozi chimene ndinavutika nacho dzinja lonse, bulusi wanga amene azungu ankandigwirira chanza, unali mng'alu wa thabwa. Ndinachita manyazi mpaka m'mapazi. Iwo anaimba nyimbo ziwiri za kumsika, alendo anaomba m'manja, ndipo cheyamani anauza aliyense kuti ndiye anaikonza.

Silimba inabwerera kunyumba ndi kalata yothokoza. Bo Sitali anaiika m'chipinda n'kuiphimba ndi chiguduli. Lamlungu linafika, pansi pa mango panalibe munthu. Linafika lina, chimodzimodzi. Anasiya kusema, anayamba kubweza chakudya, ndipo pofika nthawi ya mvula malaya ankawalendewera. Kuchipatala anati palibe matenda. Ine ndinauza Namakau kuti munthu wosema ngati iwo akhoza kung'alula kathabwa katsopanoko ndi nkhwangwa kamodzi kokha, nkhani n'kutha. Anandiyang'ana mmene akundiyang'anira panomu, n'kundiitana ndi dzina la mwana wathu woyamba.

"Imwe ba wisi Joseph, nzelu zanu zonse zili mukamwa. Yendani mukabaimbile."

"Ananiletsa."

"Manje muyopa chani? Bazakuitanani kawalala kawili?"

Ndinkaopa zambiri. Ndinkaopa kuti akamva adziwa kuti zaka zonsezi ndinkanama. Ndinkaopanso kuti aganiza kuti ndikuwaseka, kuti ndabwera kudzayerekeza chilema cha chida chawo monga ana amayerekezera kuyenda kwa wopunduka. Ndinaganiza zoimba nyimboyo moyera, mmene iweyo Inonge waimbira, popeza tsopano ndinali nditadziwa liwu loyenera. Ndinapita Lamlungu masana. M'nyumba yanga yakale ija munali anthu ena, koma anandilola kuima pa mpanda pomwe paja. Pa bango ndinkawaona atakhala pa mvuu yamtengo pansi pa mango, manja ali pa mawondo.

Ndinayamba. Nyimbo inakwera, n'kuyamba kutsika, ndipo nditafika pamalo paja, lilime linabwerera kumbuyo lokha. Zaka khumi ndi zinayi silinadziwe njira ina. Liwu linapindika, linagwa, n'kufa. Ndinasiya mpata monga Ba Dube anandiphunzitsira, osati mwanzeru, koma chifukwa mantha anandimaliza mpweya.

Mu mpata umenewo ndinamva munthu wamkulu akulira.

Nditamaliza anati, "Kawalala, zungulila. Bwela kuno." Mkamwini sakhala maso ndi maso ndi apongozi ake, ndiye ndinakhala pansi chapambali, nditayang'ana ku mpanda. Analankhula ngati akuuza mtengo wa mango. Anati pamene ankachoka kwawo kudzafuna ntchito, anabwera pa sitima ya matabwa ya ku Mulobezi, iwo atanyamula katundu, mkazi wawo atasenza silimba pamutu, Namakau ali kumsana. Potsika pa siteshoni mayiyo anapunthwa, silimba inagunda chitsulo cha pakhomo, kathabwa kamodzi n'kung'aluka. Bo Sitali anakalipa kuyambira pa siteshoni mpaka ku Linda. Anati sadzakakonza mpaka mkaziyo apepese. Mkaziyo anaseka n'kunena kuti adzapepesa akadzakakonza. Anakokana choncho mwamasewera miyezi isanu, aliyense akudikira mnzake. Kenako malungo anabwera ndi mvula, ndipo pa masiku anayi mayiyo anapita.

"Nenze ningakonze na zuba imozi," anatero. "Mukwa ulipo, mpeni ulipo. Koma nikamenya paja, nenze kumumvela aseka."

Kenako anapukuta m'maso ndi chikhatho, nkhope n'kubwerera mwakale.

"Koma sitima ija waikamo pakati, ni ya ndani? Mu nyimbo yanga mulibe sitima."

"Nizaichosa, Bo Sitali."

"Isiye. Tinabwela na sitima. Imba futi, mwanaka."

Mwanaka ndi Chilozi, ndiye kuti mwana wanga. Analinena kamodzi kokha. Mawa lake ndinali Kawalala monga kale, ndipo ndinakhala Kawalala mpaka anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Koma madzulo a tsiku limenelo anadya, ndipo Lamlungu lililonse ndinkapita pansi pa mango. Iwo ankaimba silimba yawo ya miyendo ya mbendera, ndipo akafika pa kathabwa katsopano kaja ankakweza dzanja osagunda, n'kundisiyira ine malowo. Cheyamani anatimva tsiku lina akudutsa pa njinga, ndipo anaima n'kudandaula kuti mkamwini akuwonongera mkulu chikhalidwe.

Tsopano mano anatha, ndipo mpweya ndikaukoka umabwera ndi chifuwa. Ba Dube anapita, cheyamani anapita, ngakhale sitima zamalasha zija zinapita. Agogo anu nyimboyi amaidziwa, koma amaiimba ndi pakamwa potsuka mbale, ndipo akafika pamenepo amangokhala chete. Ndiye liwu limenelo latsala malo amodzi okha pa dziko lonse lapansi, m'kamwa mopanda mano umu.

Chilimba chako chamagetsi sichingalitulutse, Inonge, ndi chophunzira kwambiri. Tenga aka. Pukuta kaye ndi malaya, usachite nkhope choncho, malovu a agogo ako sanaphepo munthu. Boo lachitatu. Usauzire, koka. Bweza lilime kumbuyo. Ayi, kwambiri. Wamva mmene laipiramo? Usakonze. Amenewo ndi amayi a agogo ako aakazi, akutsika sitima.